Kuyamba kafukufuku wa zomera ndi njuchi: kope, nyuzipepala zakale ndi funso limodzi

Pepala langa loyamba la sayansi linabwezedwa chifukwa cha funso limodzi. Katswiri amene analiunika, yemwe mpaka lero sindikumudziwa, anafunsa kuti zitsanzo za mitengo imene ndinaitchula zasungidwa kuti. Ndinalibe yankho. Ndinali nditatha nyengo ziwiri za maluwa ndikulawirira kutchire, kuwerenga njuchi zotera pa maluwa, kulemba mayina a mitengo monga ndinkaidziwira komanso monga anthu ankandiuzira, koma nthambi ngakhale imodzi sindinathyole kuti ndiiumitse. Zinandiwawa kwambiri, koma munthuyo sanalakwe. Iye analibe njira yodziwira ngati mtengo umene ndinaupatsa dzina unalidi umenewo.

Ndikulemba izi kwa inu amene mukuphunzira sayansi ya zomera, zaulimi kapena zankhalango, ndipo mtima wanu wakokedwa ndi njuchi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ndi kutsogolera ophunzira, ndaona kuti dzina la wofufuza limamangidwa ndi umboni woti munthu wina, wa dziko lina, angautenge m'manja patapita zaka 50 n'kuona yekha ngati munanena zoona. Zonse zimene ndifotokoze pano zikuzungulira pamenepo.

Funso lichepe mpaka likwane m'manja

Ophunzira ambiri amandibweretsera mutu ngati wakuti "kusintha kwa nyengo ndi ulimi wa njuchi". Mutu wotere ungakhale wa msonkhano waukulu, koma munthu mmodzi sangaumalize. Funso lofufuzika limamveka chonchi: kodi njuchi za m'ming'oma iyi zimapeza mungu ku zomera ziti m'miyezi imene maluwa amasowa? Kapena: kodi maluwa a maungu amene njuchi zateramo amabereka mochuluka bwanji poyerekeza ndi amene tawatchinga? Funso lotere limakuuzani lokha zoti mukayeze, malo ake ndi nthawi yake.

Mafunso abwino kwambiri ali ndi alimi a njuchi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito iyi mwambiwo ndi weniweni. Khalani nawo pansi, afunseni mwezi umene njuchi zimathawa m'ming'oma, mtengo umene uchi wake umawawa, nthawi imene uchi umatuluka wamadzimadzi. Anthu okhala pafupi ndi njovu ku Kenya ankadziwa kale kuti njovu zimapewa njuchi. Lucy King ndi anzake anatenga zimenezi n'kuziyesa: mu 2007 anasindikiza zoti njovu zimathawa zikamva phokoso la njuchi zokwiya lojambulidwa pa makina, ndipo kuchokera apo panabadwa mipanda ya ming'oma yolumikizidwa ndi waya yotetezera minda, imene yafika m'mayiko angapo a mu Africa ndi Asia. Nzeru inachokera kwa anthu, ndipo wofufuza anaonjezerapo kuyesa ndi kuwerengera.

Musadikire labotale yokongola. Charles Henry Turner anatenga digiri ya PhD ku University of Chicago mu 1907, koma chifukwa anali munthu wakuda m'dziko la tsankho, zaka zake zambiri anaphunzitsa pa sekondale ya Sumner ku St. Louis. Ali komweko, mu 1910, anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti njuchi zimasiyanitsa mitundu ya utoto, pogwiritsa ntchito timapepala tamitundumitundu ndi uchi pang'ono.

Musanayambe kuyeza chilichonse, gwirani ntchito ndi mlimi wa njuchi kwa chaka chathunthu, kapena sungani ming'oma yanu iwiri. Muphunzire kupemerera utsi mosapsereza njuchi, kutukula chisa osachithyola, kusiyanitsa zipinda za uchi ndi za ana. Mudziwe kuti njuchi yantchito imatenga masiku 21 kuchokera pa dzira, mfumukazi 16, yamphongo 24, chifukwa mungu umene walowa mu mng'oma lero zotsatira zake mudzaziona patapita milungu itatu kapena kuposerapo. Dziwaninso thupi lanu. Kutupa pamene mbola yalowa n'kwachizolowezi, koma mukayamba kubanika, kutupa kukhosi kapena kuchita chizungulire, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musabwerere ku ming'oma musanaonane ndi dokotala.

Kope

Gulani kope la chikuto cholimba ndipo muzilemba ndi pensulo, popeza inki imafufutika ndi mame. Tsamba lililonse liyambe ndi tsiku, nthawi, malo monga GPS ya foni yasonyezera, ndiponso mmene kunja kulili. Sankhani njira imodzi yozungulira ming'oma, muziiyenda sabata iliyonse pa nthawi yofanana. Mitengo ndi zitsamba zimene mukuzitsatira muzimangirire tizitsulo tokhala ndi nambala, ndipo nthawi iliyonse lembani ngati chomeracho chili ndi mphukira, maluwa otseguka, kapena zipatso. Tsiku limene simunaone njuchi ngakhale imodzi, lembani 0. Kusiya malo opanda kanthu kudzakusokonezani, chifukwa simudzakumbuka ngati njuchi kunalibe kapena ngati simunayang'ane. Madzulo aliwonse jambulani masambawo ndi foni n'kuwatumiza kwina, chifukwa makope amatayika.

Kalendala ya maluwa ya chaka chimodzi siyokwanira. Mvula imasiyana chaka ndi chaka, ndipo pali mitengo imene siichita maluwa chaka chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: werengerani zaka ziwiri ngati poyambira.

Chitsanzo chouma, chomwe ine ndinachinyozera

Apa ndichedwapo, chifukwa mpamene ndinagwera. Chomera chilichonse chimene dzina lake lidzalowe m'pepala lanu chiyenera kukhala ndi chitsanzo chouma chosungidwa mu herbarium, ndiko kuti nkhokwe ya zomera zouma zosanjidwa mwa mabanja ake. Dzina lakumudzi limodzi likhoza kuimira mitundu itatu yosiyana, ndipo mtundu umodzi ukhoza kukhala ndi mayina asanu. Ngakhale mayina a sayansi, a mawu awiri aja amene Carl Linnaeus anakhazikitsa pa zomera mu 1753, amasintha akatswiri akapeza umboni watsopano. Chitsanzo ndicho chokha sichisintha.

Dulani nthambi yokhala ndi masamba pamodzi ndi maluwa kapena zipatso. Masamba okha kawirikawiri sathandiza. Kachitsamba kakang'ono kazuleni ndi mizu yomwe. Kukula kwake kukwane pa pepala la herbarium, lomwe ndi pafupifupi masentimita 29 m'lifupi ndi 42 m'litali, ndipo udzu wautali muupinde ngati chilembo cha N. Tengani zitsanzo zitatu kapena zinayi za chomera chimodzi kuti china chikatsale kwanu, china chitumizidwe kwa katswiri. Chomera chosowa kwambiri, chimene mwangochiona chimodzi, chijambuleni ndipo mutengepo kachidutswa kokha.

Patsani chitsanzo chilichonse nambala yotsatana ndi dzina lanu, kuyambira 1, ndipo nambala imeneyi musadzaibwerezenso moyo wanu wonse. Lembani m'kope zinthu zimene zidzasowe chomeracho chikauma: mtundu wa duwa, fungo lake, kutalika kwa mtengo, maonekedwe a khungwa, ngati utomoni ukutuluka mukatema, mtundu wa dothi, ndi tizilombo timene munatiwona pa maluwa. Dzina lakumudzi lembaninso, pamodzi ndi chilankhulo chake.

Yalani nthambiyo m'kati mwa nyuzipepala yopinda, mutembenuze masamba ena kuti kunsi kwake kuoneke, ndipo duwa limodzi mulitsegule. Pakati pa nyuzipepala ndi inzake ikani makatoni a mabokosi, amene ali ndi timipata todutsa mpweya, kenako mangani zonse pakati pa matabwa awiri ndi malamba kapena zingwe, mwamphamvu. Masiku oyambirira muzisintha nyuzipepala tsiku lililonse, apo ayi nkhungu imalowa ndipo masamba amada bii. Ikani pamalo ofunda podutsa mphepo. Zikauma, zitsekereni m'pulasitiki n'kuziika mufiriji yozizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kuti tizilombo ndi mazira ake zife. Herbarium iliyonse yosamala siingalole chitsanzo kulowa musanachite zimenezi, chifukwa kafumbwe mmodzi akhoza kuwononga ntchito ya anthu a mibadwo ingapo.

Pitani nokha ku herbarium mukafanizire. Mndandanda wa nkhokwe zotere padziko lonse umasungidwa ndi New York Botanical Garden pansi pa dzina la Index Herbariorum, ndipo iliyonse ili ndi zilembo zake. Ya ku Kew ku London, yokhala ndi zitsanzo pafupifupi 7 miliyoni, ndi K. Dzina mukalipeza, litsimikizeni pa Plants of the World Online, tsamba laulere la Kew lomwelo, kuti muone ngati likugwirabe ntchito. Mapulogalamu a pafoni ozindikira zomera ndi othandiza pokupatsani poyambira, koma ine sindilola wophunzira wanga kulemba dzina m'pepala chifukwa choti foni yatero.

Njuchi nazonso n'chimodzimodzi. Padziko pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri siikhala m'ming'oma kapena kupanga uchi woti munthu afule. Mukalemba kuti "njuchi" zinatera pa duwa, wowerenga afuna kudziwa ngati inali Apis mellifera, njuchi ya uchi ya m'ming'oma ija, kapena njuchi zopanda mbola, kapena zikuluzikulu zoboola matabwa zija. Gwirani zingapo, muzibaye pa singano ndi kapepala kake. Kulakwitsa dzina kumachitikira ngakhale akatswiri: kwa zaka zambiri nthata yowononga ming'oma padziko lonse inkatchedwa Varroa jacobsoni, kufikira mu 2000 pamene Anderson ndi Trueman anaonetsa kuti yowonongayo ndi mtundu wina, n'kuitcha Varroa destructor.

Chinthu china musanathyole kanthu: chilolezo. M'nkhalango zotetezedwa mufunika kalata ya boma, m'munda wa munthu mufunika mawu a mwini wake, ndipo kutumiza zitsanzo kunja kwa dziko kumatsata malamulo a pangano la Nagoya, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2014. Yambani kupempha miyezi ingapo nyengo ya maluwa isanafike.

Kuwerenga mungu

Kuona njuchi pa duwa sikukuuzani zonse, chifukwa njuchi zimauluka makilomita angapo ndipo zimatera pamwamba pa mitengo pomwe maso anu safika. Mungu ndiwo umaulula kumene zapita. Banja lililonse la zomera lili ndi mungu wa maonekedwe akeake: wa mpendadzuwa ndi abale ake uli ndi timinga, wa bulugamu ndi wa ngodya zitatu, wa udzu ndi chimanga ndi wosalala wokhala ndi kabowo kamodzi.

Choyamba pangani nkhokwe yanu yofanizira. Pa chomera chilichonse chimene mwatengapo chitsanzo, tengani mphukira yotsala pang'ono kutseguka, imene tizilombo tisanalowemo n'kusakaniza mungu wachilendo. Gwedezerani mungu wake pa kagalasi ka maikulosikopu, dontheza mowa wa mulabotale kuti mafuta achoke, ikanipo kachidutswa ka glycerine jelly (mankhwala onga phala louma ogwirira mungu pa galasi) kothira utoto wofiirira wa fuchsin, tenthetsani pang'ono kuti kasungunuke, vindikirani ndi kagalasi kopyapyala. Pa kagalasiko lembani nambala yomwe ija ya chitsanzo chouma. Kulumikizana kumeneku, kuchoka pa mtengo wa nambala kupita pa chitsanzo chouma kukafika pa kagalasi, ndiko kumapangitsa kuti ntchito yanu ikhale yodalirika. Jambulani chilichonse pa maikulosikopu yokuza ka 400, ndi kamzere kosonyeza kukula.

Mungu umene njuchi zikubweretsa mungautole ndi msampha woikidwa pakhomo la mng'oma, wokhala ndi timabowo topanikiza timene timagwetsa timipira ta mungu pa miyendo yakumbuyo. Msamphawo ukhale tsiku limodzi kapena awiri basi, chifukwa mukulanda chakudya cha ana. Sankhani timipirato mwa mitundu yake, koma musakhulupirire maso okha. Timipira tiwiri tachikasu tikhoza kuchokera ku zomera zosiyana kotheratu.

Pa uchi, njira yodziwika ndi iyi. Sungunulani magalamu 10 a uchi m'mamililita 20 a madzi oyeretsedwa ofunda osapitirira madigiri 40, zunguzani mu centrifuge (makina ozungulira mwaliwiro kuti zolemera zitsikire pansi) kwa mphindi 10, khuthulani madzi a pamwamba, bwerezaninso ndi madzi ena kuti shuga achoke, kenako pakani zotsalira pansizo pa kagalasi. Werengani timbewu ta mungu 500. Malinga ndi ndondomeko imene Louveaux, Maurizio ndi Vorwohl anasindikiza mu 1978, mungu wopitirira 45 pa 100 ndiwo wolamulira, wa 16 mpaka 45 ndi wachiwiri, wa 3 mpaka 15 ndi wochepa koma wofunika, ndipo wosakwana 3 ndi wochepa.

Pano pali msampha umene ophunzira anga ambiri amagweramo. Kuchuluka kwa mungu mu uchi sikufanana ndi kuchuluka kwa timadzi totsekemera timene chomeracho chinapereka. Bulugamu amathira mungu wambiri mu uchi, pamene malalanje ndi mandimu amathira wochepa ngakhale uchiwo utachokera kwenikweni kwa iwo. Chimanga chilibe timadzi m'ngayaye zake, komabe njuchi zimatolako mungu ndipo umapezeka mu uchi. Komanso uchi wofinya ndi manja umasakanikirana ndi mungu wosungidwa m'zisa, choncho lembani nthawi zonse mmene uchiwo unachotsedwera. Ngati muli ndi refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa madzi mu uchi, yezani madzi a mu uchi nthawi yomweyo. Malire a Codex, miyezo ya zakudya ya padziko lonse, pa uchi wambiri ndi 20 pa 100, ndipo wopitirira apo suchedwa kusasa.

Kuyesa ngati chomera chimafunadi njuchi

Mphunzitsi wina wa ku Spandau ku Germany, Christian Konrad Sprengel, anasindikiza mu 1793 zoti maonekedwe a maluwa, fungo ndi timizere take zimatsogolera tizilombo tonyamula mungu. Anthu a nthawi yake sanazilabadire, mpaka Charles Darwin anadzazitukula patapita zaka zambiri. Kuyesa kwa mtundu umenewu mpaka pano kumafuna zipangizo zochepa kwambiri.

Maungu ndi abwino kuphunzirirapo chifukwa maluwa aamuna ndi aakazi ndi osiyana, lalikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, ndipo duwa limatseguka m'mamawa n'kufota dzuwa likakwera. Madzulo, sankhani mphukira zachikazi zoti zitseguka mawa. Zina muzivale timatumba ta nsalu ya neti kuti tizilombo tisafike, zina muzisiye poyera, ndipo zina muzivale thumba koma m'mawa mupakepo mungu ndi dzanja lanu kuchokera ku duwa lalimuna la chomera china. Nsaluyo isakhale ya neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala, chifukwa ipha kapena kuthamangitsa tizilombo pa munda wonse. Duwa loti lilowe gulu liti musasankhe ndi mtima, chitani maere, apo ayi mudzapeza kuti maluwa onenepa onse mwawaika gulu limene mukufuna lipambane. Pokolola werengani zipatso, kulemera kwake ndi njere zokhwima. Ngati opakidwa ndi dzanja abereka kuposa osiyidwa poyera, ndiye kuti m'mundamo tizilombo tonyamula mungu tikuperewera.

Musaganize kuti chomera chilichonse chimathandizidwa ndi njuchi za mu mng'oma. Duwa la tomato limatulutsa mungu likagwedezedwa ndi kunjenjemera kwa thupi la njuchi, ndipo Apis mellifera sichita zimenezo. Imene imachita zimenezo ndi mitundu ina ya njuchi za kutchire.

Kuwerengera kumafuna kusamala kwina. Maluwa 100 a pa mtengo umodzi ndi mtengo umodzi basi, ndipo njuchi 300 za mu mng'oma umodzi ndi ana a mfumukazi imodzi. Stuart Hurlbert analemba za cholakwa chimenechi mu 1984, koma mpaka lero chimagwetsa mapepala ambiri. Ndi bwino kukhala ndi ming'oma 10 n'kuyeza pang'ono pa uliwonse kusiyana ndi kuyeza kambirimbiri pa ming'oma iwiri. Kaonaneni ndi katswiri wa masamu a kafukufuku musanapite kumunda, chifukwa mukapita mutakolola kale palibe chimene angakonze. Phunziraninso pulogalamu ya pakompyuta yowerengera zotsatira yotchedwa R, yomwe ndi yaulere. Pa njira zoyezera njuchi, gulu la ofufuza za njuchi a m'mayiko osiyanasiyana lotchedwa COLOSS linasonkhanitsa ndondomeko zovomerezeka mu BEEBOOK, zomwe zinayamba kutuluka mu 2013 mu Journal of Apicultural Research. Tsatirani zimenezo kuti zotsatira zanu zifanizike ndi za ena.

Madigiri, wokutsogolerani ndi ndalama

Pulojekiti ya chaka chomaliza cha digiri yoyamba musaione ngati yongokhozera mayeso. Ikachitika bwino ndi imene idzakutsegulireni khomo la masitazi, chifukwa polembera mphunzitsi wa kwina mudzakhala ndi chogwirika: kalendala ya maluwa, zitsanzo zosungidwa ndi manambala ake, timagalasi ta mungu. Kalata yotere ikhale yaifupi. Tchulani pepala lake limodzi limene mwaliwerengadi, nenani funso lanu, onetsani zimene mwachita kale.

Posankha wokutsogolerani, kutchuka kwake kusakukopeni kwambiri. Funsani ophunzira ake akale ngati amayankha makalata, ngati amawerenga zolemba pa nthawi yake, ndiponso ngati ophunzirawo anamaliza n'kusindikiza mayina awo ali patsogolo. Nkhani ya mndandanda wa mayina pa pepala mukambirane ntchito isanayambe, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Ndaona maubale abwino akutha chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo wovulala nthawi zambiri amakhala wophunzira.

Thandizo la ndalama lilipo kwa amene akulifuna mwakhama. Bungwe la TWAS la ku Trieste ku Italy limathandiza asayansi a m'mayiko osauka, OWSD imathandiza amayi, DAAD ndi Commonwealth amapereka mwayi wa maphunziro, Rufford Foundation imapereka ndalama zochepa za ntchito zosamalira chilengedwe, ndipo icipe, malo ofufuzira za tizilombo ku Nairobi, ili ndi labotale ya umoyo wa njuchi komanso imalandira ophunzira. Werengani malamulo awo mpaka kumapeto, ndipo bajeti yanu ikhale yoona, yosaiwala mayendedwe ndi malipiro a okuthandizani kutchire.

Ngati digiri yanu ndi ya phunziro lina, musadzione ngati mwachedwa. Eva Crane anali katswiri wa fizikisi ya nyukiliya. Analandira mng'oma ngati mphatso ya ukwati mu 1942, ndipo mu 1949 anayamba kutsogolera bungwe la Bee Research Association, lomwe pambuyo pake linadzakhala IBRA. Anayenda m'mayiko oposa 60 kulemba za njuchi ndi alimi ake. Luso limene ndikuona kuti likusowa kwambiri ndi lozindikira ndi kutchula zomera ndi tizilombo molondola. Amene alidziwa amafunidwa m'mayunivesite, m'ma herbarium, m'minda ya zomera, m'malo a kafukufuku wa ulimi ndi nkhalango, ndi m'malabotale oyeza uchi wogulitsa kunja.

Kusindikiza

Yambani kulemba gawo la njira zimene munatsata, mukadali kumunda, zonse zikadali m'mutu. Lilembeni moti munthu wosakudziwani abwereze ntchito yanu popanda kukufunsani kanthu. Kenako zotsatira, kenako zokambirana, ndipo mawu oyamba alembedwe pomaliza. Pepala loyamba lisakhale lalikulu. Kalata yaifupi yonena za chomera chimene sichinalembedwepo m'dera lina, kapena mndandanda wa zomera za njuchi wokhala ndi zitsanzo zake, ndi ntchito yeniyeni imene ena adzaitchula.

Chenjerani ndi magazini amene amakulemberani okha kalata yokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza pasanathe sabata mukalipira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lolowa m'menemo silinaunikidwe ndi aliyense, ndipo makomiti okweza anthu pa ntchito amawadziwa magazini otere. Onani ngati magaziniyo ili pa DOAJ, mndandanda wa magazini a sayansi ounikidwa owerengeka kwaulere pa intaneti, onani ngati akatswiri amene mumawawerenga amasindikizamo. Magazini ambiri enieni amachotsa kapena kuchepetsa malipiro kwa ofufuza a m'mayiko osauka mukapempha, ndipo kudzera ku AGORA, pulogalamu ya FAO yoyamba mu 2003, laibulale ya sukulu yanu ikhoza kukupezerani mapepala ambiri a zaulimi. Tsegulani nambala ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza aliyense payekha, kuti ntchito zanu zisasokonezeke ndi za munthu wina wa dzina lofanana, ndipo zolemba za zitsanzo zanu zikafike pa GBIF, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za zamoyo za padziko lonse, kuti aliyense azipeze.

Ndemanga za ounika zikabwera, ziwerengeni, zisiyeni masiku awiri mtima ukhale pansi, kenako yankhani mfundo imodzi ndi imodzi mwaulemu. Pamene alondola konzani, pamene alakwitsa onetsani umboni. Kutsutsidwa kumafikira aliyense. Karl von Frisch atafotokoza m'zaka za m'ma 1940 kuti gule wa njuchi pa chisa amauza zinzake mbali ndi mtunda wa kumene kuli chakudya, Adrian Wenner ndi ena anamutsutsa kwambiri m'ma 1960, ponena kuti njuchi zimangotsata fungo. Von Frisch analandira mphoto ya Nobel mu 1973 n'kumwalira mu 1982, ndipo mu 2005 ofufuza ena anamangirira tizipangizo ta radar pa njuchi n'kuona zikuulukadi kulunjika kumene guleyo analoza. Zinatheka kuyesedwanso chifukwa iye analemba bwino zimene anachita. Ena ntchito yawo inachedwa kuzindikirika: Gregor Mendel anafufuza za chibadwa powerenga nsawawa zake (peas) ku Brno kuyambira 1856 mpaka 1863, anasindikiza mu 1866, anamwalira mu 1884, ndipo ntchito yake inazindikirika mu 1900. Barbara McClintock anaona m'chimanga kuti tizigawo tina ta chibadwa timasuntha malo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, koma Nobel anadzalandira mu 1983.

Pepala langa lija ndinabwerera nalo kutchire. Ndinadikira nyengo ya maluwa, ndinathyola nthambi za mtengo uliwonse wa nambala, ndinaziumitsa, ndinapita nazo ku herbarium. Kumeneko mpamene ndinapeza kuti mitengo imene ndinkaitcha dzina limodzi inali mitundu iwiri, ndipo umodzi unkachita maluwa milungu ingapo unzake usanayambe. Chimene ndinkachiona ngati nyengo imodzi yaitali ya maluwa chinali nyengo ziwiri zotsatana, ndipo mfundo imeneyi ndiyo inadzakhala mtima wa pepala lonse litasindikizidwa.

Alimi amene anakutsegulirani ming'oma yawo muwathokoze m'pepalamo, ndipo amene anathandiza kuganiza ndi kusonkhanitsa umboni dzina lake lilowe pakati pa olemba ngati iye wavomera. Pepala likatuluka, bwererani kwa iwo ndi tsamba limodzi m'chilankhulo chawo: miyezi pamwamba, mayina a zomera m'mbali, mzere wosonyeza nthawi ya maluwa, ndi chizindikiro pa miyezi ya njala ya njuchi imene ayenera kusiyamo uchi wina m'malo mofula wonse. Pitani ndi kope lanu lomwe lija ndi pensulo. Tsiku limene ndinapereka tsamba langa, bambo wina wachikulire anaika chala pa mwezi umene ndinausiya wopanda kanthu, n'kundiuza kuti m'mwezi umenewo njuchi zake zimapita ku kachitsamba kena ka m'mphepete mwa dambo, kamene njira yanga yoyendamo sinkadutsako. Sabata yotsatira ndinapita naye komweko nditanyamula nyuzipepala ndi matabwa anga awiri.